Kwa mayi amene mwana wawo akutuluka ku rehab sabata yamawa

Amayi, mwafunsa ngati mnyamata wanu wa zaka 17, amene anagonekedwa chifukwa cha mowa ndi chamba, mumutumize kumudzi kwa agogo ake akangotuluka, kapena akhale nanu ku Area 25 konkuno. Ine ndikuti musafulumire kumukweza basi. Kumudzi kachasu amatchezera kuseri kwa nyumba, ndipo chamba chimene chimasutidwa m'tauni muno chimalimidwa kumidzi komweko. Agogo sangalimbane ndi mnyamata wa msinkhu umenewo, komanso iye aziona ngati mwamutaya.

Chifukwa china n'chakuti thandizo lake silinathe. Kutulutsidwa sikuchira ayi, angomuchotsa poizoni m'thupi ndi kumuphunzitsa poyambira. Asanatuluke, khalani pansi ndi amene akumuthandiza, akulembereni m'kabuku kake ka kuchipatala tsiku lodzaonedwanso, mankhwala amene azimwa ndi nambala yoimba zikavuta. Muno mu Lilongwe uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo zimapezeka ku Bwaila ndi ku St John of God ku Area 43. Akapita kumudzi, masiku amenewa adzawasunga ndani? Ngati anam'patsa mankhwala chifukwa chamba chinamusokoneza mutu, asasiye yekha poona kuti wayamba kupeza bwino, ngakhale wina atamupempherera n'kunena kuti wamasulidwa. Pemphero lipitirire, mankhwalanso apitirire.

Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi kukhala chabe. Kumene aliko tsiku lonse ndi lokonzedwa: nthawi yodzuka, yodya, yokambirana pagulu, yogona. Akafika pakhomo, inu mwapita ku ntchito kapena kumsika, abale ake ali kusukulu, iye watsala yekha ndi foni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chibaba chimabwera nthawi imeneyo, anzake akale nawonso amadziwa kuti geti ilibe mlonda. Choncho pofika Lolemba loyamba akhale ndi kopita. Ngati analekezera Fomu 3, abwerere, ngakhale ku open, ndipo ngati n'kotheka isakhale sukulu yakale ija komwe aliyense amamudziwa ndi mbiri yake. Ngati sukulu yamukanika, pali maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, kapena mupempheni mmisiri wodziletsa amene mumamukhulupirira kuti azimuphunzitsa ukalipentala kaya zowotcherera. Madzulo mpira, kwaya, chilichonse chomwe chimamutopetsa ndi kumupatsa anzake atsopano. Kumuuza kuti asiye anzake popanda kumupezera ena n'kungotaya nthawi.

Ndalama musamupatse zambiri m'manja miyezi yoyambayi. Masacheti analetsedwa, koma timabotolo totchipa tija tili pa okala iliyonse, ndipo ogulitsa ambiri safunsa ngati wogula wakwana zaka 18. Bambo ake, amalume ake, aliyense wakumwa pakhomopo asabweretse mowa m'nyumba. Izi zimawawa akuluakulu, koma mwana sangapirire fungo la chinthu chimene akuchithawa.

Tsopano mawu amene simungawakonde: akhoza kudzayambiranso. Bungwe la ku America lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, NIDA, limati mwa anthu 100 amene alandira chithandizo, 40 mpaka 60 amagwanso, ndipo miyezi yoyambirira ndiyo yoopsa kwambiri. Mugwirizane naye lero lomwe, mitima ili m'malo, kuti zikadzachitika adzakuuzani ndipo mudzapita limodzi kwa mlangizi mawa lake, popanda chikwapu kapena kumulalatira pamaso pa anthu. Mwana woopa kukalipiridwa amabisa, ndipo pamene mukudzazindikira papita miyezi. Dziwaninso kuti thupi lake lasiya kuzolowera, ndiye mlingo umene ankamwa kale ukhoza kumukomola. Mukamupeza sakudzuka, akupuma movutikira kapena akugwa ngati wakhunyu, thamangirani naye ku chipatala cha Kamuzu Central, musadikire kuti mowa uthe m'mutu. Chimodzimodzi akayamba kulankhula zodzipha, musazitenge ngati zoopseza chabe.

Muuzeninso za nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana ndi achinyamata, chifukwa pali zina zimene mnyamata sangauze mayi ake. Ndipo pa uphungu wa banja muzipita nonse awiri ndi bambo ake, osati inu nokha.