Kachitsulo ka pa bwalo la ndege ku Paris si kokha kamene kanathetsa Concorde

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kale kunali ndege yonyamula anthu yothamanga kuposa liwiro la mawu, chimene chinaithetsa, ndiponso mmene akatswiri anadziwira kuti kachitsulo kakang'ono ndi kamene kanaigwetsa. Ena ayankha kale kuti inagwa kamodzi basi n'kuletsedwa. Yankho limenelo lili ndi choonadi pang'ono koma lasiya zambiri, ndipo nkhani imene inatenga miyoyo ya anthu 113 ndi yoyenera kuifotokoza mosathamanga.

Ndegeyo inali Concorde, imene maboma a Britain ndi France anagwirizana mu 1962 kuti aipange mothandizana. Inauluka koyamba pa 2 March 1969 ku Toulouse, ngakhale kuti a Soviet Union anali atawatsogolera ndi miyezi iwiri, pakuti ndege yawo ya Tupolev Tu-144 inauluka pa 31 December 1968. Tu-144 sinayende bwino. Ina inagwa pa chionetsero cha ndege ku Paris mu 1973 n'kupha anthu 14, ndipo itayamba kunyamula anthu pakati pa Moscow ndi Alma-Ata mu 1977, inangoyenda maulendo 55 n'kusiyidwa chaka chotsatira. Ku America, nyumba ya malamulo inaleka kupereka ndalama zopangira ndege yawo ya mtundu womwewu, Boeing 2707, mu 1971, ndegeyo isanauluke n'komwe. Choncho pamene Concorde inayamba kunyamula anthu pa 21 January 1976, ina kuchoka ku London kupita ku Bahrain, inzake kuchoka ku Paris kupita ku Rio de Janeiro kudzera ku Dakar, inalibe ina yopikisana nayo kwenikweni.

Inali ndege yodabwitsa ndithu. Inkathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la mawu, makilomita oposa 2,100 pa ola, ili pamwamba mamita pafupifupi 18,000. Ulendo wa London ku New York unkatenga maola atatu ndi theka, moti munthu wonyamuka hafu pasiti 10 m'mawa ankafika nthawi ya kumeneko isanakwane 10 koloko. Mawindo ake anali aang'ono ngati chikhatho, mphuno yake inkaweramira pansi ponyamuka ndi potera kuti oyendetsa aziona kutsogolo, ndipo thupi lake linkatentha kwambiri pokhulana ndi mpweya mpaka kutalikirako masentimita angapo ili m'mlengalenga.

Koma mavuto ake anaonekera isanayambe ntchito. Ndege yopitirira liwiro la mawu imakoka mkokomo wonga bingu paliponse pamene yadutsa, wotha kugwedeza mawindo a nyumba, ndipo mu 1973 dziko la America linaletsa ndege zonyamula anthu kuthamanga liwiro limeneli pamwamba pa mtunda. Chaka chomwecho mtengo wa mafuta unakwera kwambiri, pamene Concorde inkamwa mafuta ochuluka ikunyamula anthu 100 okha. Makampani monga Pan Am ndi TWA, amene anasonyeza chidwi choigula, anabwerera m'mbuyo. Ndege zonse zimene zinapangidwa zinali 20, ndipo zonyamula anthu zinali 14, zisanu ndi ziwiri za British Airways, zisanu ndi ziwiri za Air France. Ndikutsindika zimenezi chifukwa zikusonyeza kuti ngozi ya mu 2000 inapeza ndegeyi ili kale pa mwendo umodzi.

Pa 25 July 2000 madzulo, Concorde ya Air France, ulendo nambala 4590, inali kunyamuka pa bwalo la Charles de Gaulle kupita ku New York ndi anthu 100, ambiri a iwo a ku Germany opita kukakwera sitima yapamadzi, komanso ogwira ntchito 9. Mphindi zisanu m'mbuyomo, ndege ya DC-10 ya Continental Airlines inali itanyamuka pa msewu womwewo n'kugwetsa kachitsulo ka titanium, kotalika masentimita 43, kopyapyala ngati lula ya kusukulu. Tayala limodzi la kumanzere la Concorde linaponda kachitsuloko pa liwiro lalikulu n'kuphulika. Chibenthu cha tayala cholemera makilogalamu 4.5 chinamenya kunsi kwa phiko, pamene panali thanki nambala 5 yodzaza mafuta, ndipo mafutawo anayamba kukhuthuka n'kugwira moto. Woyang'anira kayendedwe ka ndege pa nsanja anaona malawi n'kuchenjeza oyendetsa, koma ndegeyo inali itapitirira kale liwiro limene ikanatha kuima msewu usanathe. Kaputeni Christian Marty anainyamula. Mainjini awiri a kumanzere anafooka, imodzi inazimitsidwa chifukwa cha belu lochenjeza za moto, matayala anakana kulowa m'malo mwake, ndipo ndegeyo inalephera kuwonjezera liwiro kapena kukwera. Anayesa kulunjika ku bwalo lapafupi la Le Bourget, koma pasanathe mphindi ziwiri chinyamukireni inagwera pa hotela ku Gonesse. Onse 109 anafa, pamodzi ndi anthu anayi a pa hotelapo.

Nanga anadziwa bwanji zonsezi? Apa ndi pamene pali phata la funso lanu. Malamulo a mayiko onse, olembedwa mu gawo lotchedwa Annex 13 la pangano la za maulendo a ndege la ku Chicago, amati dziko limene kwachitikira ngozi ndilo litsogolere kafukufuku, ndipo mayiko amene anapanga ndegeyo atengepo mbali. Ife tinaona akatswiri a BFU, bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, akubwera kudzafufuza za ndege ya Dornier 228, yopangidwa kwawo, imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024. Ku Paris ntchitoyi inali m'manja mwa bungwe la France la BEA, mothandizana ndi la Britain la AAIB. Anali ndi makina awiri amene anthu amawatcha black box ngakhale ali a mtundu wa olenji, amodzi ojambula mawu a oyendetsa, ena osunga liwiro, mphamvu ya mainjini ndi zina zotero. Koma makinawa sakanawauza chimene chinaphulitsa tayala. Yankho linali pansi, pa msewu wa ndege, pamene ofufuza anayenda phazi ndi phazi akutola ndi kulemba malo a kanthu kalikonse: zibenthu za tayala, mkwasa wa mafuta, mwaye wa moto, ndi kachitsulo kopindika kamene sikanali ka Concorde. Atalumikiza zibenthu za tayala anapeza bala lodukiza m'lifupi mwake lofanana ndi maonekedwe a kachitsuloko. Kenako anatsata ndege zimene zinanyamuka patsogolo mpaka anapeza DC-10 ija ikusowa kachitsulo kotero pa chivundikiro cha injini, pamalo pamene panakonzedwa ku Houston masabata awiri ngoziyo isanachitike, mosatsata malangizo a opanga.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chidutswa cha thanki chimene anachitola pamsewupo. Chinalibe chiboo chosonyeza kuti chinabowoledwa kuchokera kunja, koma chinaoneka kuti chinakankhidwa kuchokera mkati. Taganizirani chigubu chodzaza madzi mpaka pakamwa, chotsekedwa bwino, wina n'kuchimenya mwamphamvu ndi mtengo: madzi sapanikizika, choncho mphamvuyo imayenda m'madzimo n'kukang'amba pamalo ena ofooka. Ndi mmene thanki nambala 5 inaphulikira, ndipo kuwonongeka kwa mtundu umenewu kunali kusanaonekepo pa ndege yonyamula anthu.

Lipoti lomaliza la BEA linatuluka mu January 2002, ndipo wowerenga mofatsa amaona kuti kachitsulo kaja kanangoyambitsa chinthu chimene chinali chitachenjeza kale. Matayala a Concorde anali ataphulika kapena kuphwa maulendo oposa 50 m'mbuyomo, ndipo kangapo zibenthu zinabowola mathanki. Mu June 1979, pa bwalo la Dulles ku Washington, Concorde ina ya Air France inaphulitsa matayala ponyamuka, phiko linabowoka, mafuta n'kumatayika, koma inabwerera n'kutera bwino. Zina zinakonzedwa pambuyo pake, koma mathanki sanatetezedwe. Kwa ine apa ndi pamene pali chilonda chenicheni, chifukwa kanthu kakugwa pa msewu wa ndege si kachilendo, ndipo tayala limodzi siliyenera kukhala lokwanira kugwetsa ndege. Kunena zoona, si onse anakhutira ndi lipotili. Ena, kuphatikizapo amene anayendetsapo Concorde ku Britain, ankaloza zoti ndegeyo inalemera mopitirira pang'ono muyeso, ndiponso kuti kachipangizo kena ka pa matayala a kumanzere kanaiwalika pokonza. BEA inavomereza kuti zimenezi zinalipodi, koma inati sizimene zinadzetsa ngoziyo.

Tisasakanize kafukufukuyu ndi mlandu. Cholinga cha ofufuza ngozi ndi kuteteza kuti isachitikenso, osati kupeza wolakwa, ndipo kusiyanitsaku n'kofunika kuti amakaniko ndi oyendetsa azilankhula momasuka. Za wolakwa zinapita ku khoti padera. Mu December 2010 khoti la ku Pontoise linapeza Continental yolakwa pa mlandu wopha anthu mosafuna, koma mu November 2012 khoti la apilo ku Versailles linathetsa chigamulocho, n'kungosiya lamulo loti ilipire Air France chipukutamisozi cha mayuro 1 miliyoni.

Ndipo Concorde sinathere pa ngoziyo. Chilolezo chake chinaimitsidwa mu August 2000, mathanki anaikidwa nsalu yolimba ya Kevlar mkati, kampani ya Michelin inapanga matayala atsopano osaphulika wamba, mawaya a pafupi ndi matayala anatetezedwa, ndipo inayambanso kunyamula anthu pa 7 November 2001. Koma apa n'kuti patangopita miyezi iwiri chichitikireni chiwembu cha pa 11 September ku New York, apaulendo olipira matikiti odula atachepa, ndege zitakalamba, ndipo kampani ya Airbus, imene inkapereka zipangizo zake, sinafune kupitiriza. Air France inasiya mu May 2003, British Airways pa 24 October 2003, ndipo ulendo wotsiriza unali wa pa 26 November 2003, kuchoka pa bwalo la Heathrow ku London kupita ku Filton, ku Britain komweko, kumene ndege imene inayenda ulendowo ikusungidwa kuti anthu azikaiona.