Oyilo wa giyabokosi pa Corolla ya makilomita 240,000: sinthani, koma musafulashe

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Corolla NZE121 ya 2004 ya otomatiki, yayenda makilomita 240,000, munaigula kwa munthu wa kuno ku Zomba, ndipo palibe akudziwa ngati oyilo wa m'giyabokosi anasinthidwapo chichokereni ku Japan. M'mawa mukaika pa D imayamba yazengereza, kenako n'kugunda pang'ono. Makaniko wina akuti musaikhudze ingafe, wina akuti mupite nayo akaifulashe ndi makina, kutanthauza kukankha oyilo yense wakale atuluke nthawi imodzi kwinaku akulowetsa watsopano. Ine ndili ndi galimoto ya mtundu womwewo ndipo ntchito imeneyi ndaigwirapo ndi manja anga. Ndikuti sinthani, oyilo ndi fyuluta yomwe, koma mochita kukhetsa ndi kumasula sampu (chibeseni cha pansi pa giyabokosi momwe mumakhala oyilo), osati ndi makina. Kungoti musagule ngakhale lita imodzi musanaone oyilo amene alimo panopa, chifukwa ndi iyeyo amene ati akuuzeni ngati ntchitoyi ili ndi phindu.

Iyendetseni kaye itenthe bwinobwino, kuchoka m'tauni kukafika pa Thondwe n'kubwerako kwakwana. Imikani pamalo athyathyathya, injini isazime, pondani buleki n'kudutsitsa giya monsemo kuyambira P mpaka L, mukuima pang'ono paliponse, ndiye mubwerere pa P. Solani kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi, osati ka injini, kapukuteni ndi kansalu kosathothoka, kabwezereni mpaka kumapeto, kasoleninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro za HOT. Ngati ali pansi, mwina vuto lanu la m'mawa lija ndi lomwelo basi, ndipo mufufuze pomwe akudonthera, makamaka pa masilu a mashafuti opita ku matayala ndi pa mapaipi opita ku ladiyeta. Kenako donthezani pa pepala loyera, mununkhize.

Akakhala wofiira, kapena wabulauni ngati tiyi wopanda mkaka koma osanunkha kupsa, ameneyo wangokalamba, sinthani mtima uli m'malo. Akakhala wakuda bii, akununkha ngati nsima yopserera pansi pa poto, pa pepala n'kumaoneka timinyenyeswa, ndiye kuti mapuleti a klatchi m'katimo apsa kale. Akakhala wa pinki wambuu ngati mwathiramo mkaka, mwalowa madzi. Oyilo wa giyabokosi amakazizirira m'kapaipi kodutsa m'munsi mwa ladiyeta, kapaipiko kakabooka madzi ndi oyilo zimasakanikirana, ndipo madzi amamatula mapuleti aja. Zikatero imikani galimoto, yambani ndi ladiyeta.

Makaniko wanu woyamba uja sakunama kwenikweni, wangoona mbali imodzi. Ambirife sitikumbuka oyilo wa giyabokosi galimoto ikamayenda bwino. Timamukumbuka ikayamba kusilipa, injini kumalira kwambiri pa chitunda koma galimoto osathamanga. Pofika pamenepo mapuleti amakhala atatha, ndipo fumbi loperepeseka pa mapuletiwo lili m'oyilo momwemo, ndi limene likuthandiza kuti azigwiranako. Mukachotsa oyilo wa fumbiyo n'kuthiramo watsopano woyera, kusilipa kumaonekera poyera, ndiye mlandu umagwera oyilo watsopano, chikhalirecho giyabokosiyo inali itadwala kalekale. Yanuyi mwangotchula kuzengereza ndi kugunda m'mawa, simunanene kuti imasilipa poyenda. Zoterezi kawirikawiri amakhala oyilo wotopa, fyuluta yoyamba kutsekeka, kapena timavalavu ta mu valve body (chigawo chomwe chimagawa oyilo posintha magiya) tomwe tayamba kumata ndi litsiro. Ndionjezerepo kuti mamawuntini a injini, malabala omwe injini imakhalapo, akatha, galimoto imagundanso poika pa D kapena R. Auzeni ayang'ane amenewo tsiku lomwelo, mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi giyabokosi.

Makina ofulashira ndimawakana pa galimoto ya msinkhu uwu. Litsiro la zaka zoposa 20 linakhazikika m'makona momwe silikuvutitsa kanthu. Mukasintha oyilo yense nthawi imodzi, makamaka akathiramo ndi mankhwala otsukira aja, litsirolo limatakasuka n'kukatseka tinjira ta mu valve body ndi ma solenoid (timavalavu toyendera magetsi), tina mwa ito n'tating'ono ngati diso la singano. Chinanso, ofulasha ambiri samasula sampu. Fyuluta yakale imatsala momwemo, maginito osatsukidwa, ndipo inu mumabwerera kunyumba osaona chomwe chili pansi pa giyabokosi yanu.

Ntchito yake si yovuta. Pitani nayo pa galaja yomwe ili ndi dzenje, kapena muikweze ndi jeke n'kuikhazika pa masitandi. Chonde musalowe pansi pa galimoto yomwe yangodalira jeke yokha. Dikirani oyilo azizireko chifukwa wotentha amawotcha koopsa. Masulani bawuti yokhetsera, mulandirire m'beseni loyera, ndipo akatha kudontha muthire m'chigubu cha malita 5 kuti mudziwe kuchuluka kwa amene watuluka. Kenako masulani timabawuti ta sampu ndi sipanala ya 10, musiye tiwiri mbali imodzi kuti sampu ipendekeke pang'onopang'ono, chifukwa mumakhala mutatsala oyilo wina. Ameneyonso athiridwe m'chigubu muja.

Pansi pa sampu mupeza timaginito, ndipo apa ndiye pofunika kukhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Phala lotuwa losalala, lomwe mukalitikita pakati pa zala silikanda, musadandaule nalo, galimoto iliyonse yoyenda chonchi imakhala nalo. Koma mukapeza tizitsulo tobaya, kapena zonyezimira ngati mkuwa, ndiye kuti magiya kapena mabushi akudyeka, ndipo oyilo watsopano sangabweze zimenezo. Tsukani sampu ndi maginito ziume bwino, ikani fyuluta yatsopano, ndipo onetsetsani kuti kalabala ka pakamwa pa fyuluta yakale katuluka. Kakatsalira m'bowo, kapena katsopano kakakhala mopendama, pampu imakoka mpweya ndipo galimoto imazengereza kuposa poyamba. Gasiketi ikhale yatsopano. Musalole munthu kupaka silikoni wambirimbiri, chifukwa wofinyikira m'kati amaduka n'kukatseka fyuluta yomwe mwangogulayo. Timabawuti tija timamangidwa mopepuka, pafupifupi 8 Nm pa sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti, modumphadumpha osati motsatizana. Mukalimbitsa ngati mukumanga tayala, mkombero wa sampu umapindika n'kuyamba kudontha, mwinanso mazinga a m'bowo kutha, paja thupi la giyabokosi ndi la aluminiyamu.

Pa mtundu wa oyilo ndi pomwe ambiri tikuphera magalimoto. Giyabokosi yanu ndi U340E ya magiya anayi, ndipo imafuna oyilo wa Toyota ATF Type T-IV. Yang'anani pa kandodo koyezera kaja, zinalembedwapo. Mukangofika m'shopu n'kunena kuti mukufuna ATF, dzina la oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, kawirikawiri amakupatsani Dexron III poti nayenso ndi wofiira, koma kagwiridwe kake pa mapuleti ndi kosiyana. Ma Toyota a m'mbuyo muno ambiri amafuna oyilo wa WS, yemwe ndi wopyapyala kuposa T-IV, ndipo ena alibe n'komwe kandodo koyezera. Amene mukuwerenga muli ndi Axio kapena Fielder NZE141 ya kuyambira 2006, musatengere zomwe ndalembazi, yanuyo ndi CVT, otomatiki ya mtundu wina yoyendera lamba m'malo mwa magiya owerengeka, ndipo ili ndi oyilo wakewake. N'chimodzimodzi ma Nissan a CVT omwe amafuna NS-2 kapena NS-3. Mlamu wanga anathiriridwa oyilo wofiira wamba mu Fielder yake pa galaja ina. Miyezi sinathe ingapo inayamba kunjenjemera ponyamuka, mapeto ake anagula giyabokosi ina. Zinandipweteka chifukwa ndi galimoto yomwe ankapezera chakudya cha ana. Gulani wa m'chigubu chomata, mutsegule nokha. Wopungulira m'mabotolo a zakumwa musamuyandikire ngakhale akhale wotchipa bwanji. Akasowa kuno, kuli bwino kuyitanitsa ku Limbe kapena ku Blantyre kusiyana n'kuthira wina aliyense.

Bwezeranimo oyilo watsopano wochuluka mofanana ndi amene watuluka, kudzera pa kapaipi ka kandodo kaja, kenako lizani injini, dutsitsani magiya, yendani nayo itenthe, muyezenso. Musadzazitse, oyilo wochuluka amachita thovu ndipo thovu silikankha mapuleti.

Dziwaninso kuti giyabokosi imeneyi imanyamula pafupifupi malita 7, koma pokhetsa amatuluka atatu kapena kuposerapo pang'ono, otsalawo amakhala mu torque converter (chigawo cholumikiza injini ndi giyabokosi) ndi m'mapaipi. Choncho ulendo woyamba simusintha ngakhale theka. Yendani nayo masabata awiri kapena atatu, mukhetsenso pa bawuti pokha osamasula sampu, kenako kachitatu. Mukatero oyilo watsopano amafika pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10, ndipo litsiro limakhala latuluka pang'onopang'ono. Yanga nditakhetsa kachiwiri ndi pomwe kugunda kwa m'mawa kunasiya. Ngati ndalama zavuta, chitani ulendo woyambawo ndi fyuluta, enawo mutsatize mwezi ukatha.

Kuno ku Zomba oyilo ameneyu amatopa msanga chifukwa cha kutentha ndi zitunda. Amene amakwera msewu wa ku Ku Chawe galimoto itadzaza anthu, kapena kudutsa mapiri a ku Machinga popita ku Liwonde dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, giyabokosi yake imagwira ntchito yolemetsa kwambiri. Pokwera mukamva ikusinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi, zimitsani O/D, batani la pa ndodo ya magiya, kuti isalowe giya yachinayi, ndipo m'makhota okwera kwambiri ikani pa 2. Kusinthasintha kumeneko ndi komwe kumatenthetsa oyilo ndi kudya mapuleti. Potsika phiri ikaninso pa 2 kapena L kuti injini izigwira galimoto, musatsike pa N, ndipo mabuleki anu sangapse.

Oyilo wakaleyo musamuthire m'ngalande kapena kuseri kwa galaja, mvula ikagwa amakathera mu Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa komwe timadyako nsomba. Musungeni m'chigubu chotseka. Mukasola kandodo mawa, jambulani pepala lija muike pano, ndipo mutiuze ngati galimotoyo imalira mopitirira pokwera chitunda ili pa D. Tikaona zimenezo tidziwa ngati mugule fyuluta kapena muyambe mwaonana ndi makaniko wodziwa magiyabokosi a otomatiki.