Kodi 17,563,749 tingaitchule bwanji m'Chichewa?

Funso lachokera kwa mayi ena a ku Chilomoni. Akuti mwana wawo anauzidwa kusukulu kuti atchule chiwerengero cha anthu m'dziko muno malinga ndi kalembera wa 2018, chomwe ndi 17,563,749, koma m'Chichewa osati m'chizungu. Afunsanso ngati nambalayi ndi ija amati prime.

Mayi, zimatheka ndithu, bola mwanayo akoke mpweya kaye. Timati mamiliyoni khumi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, zikwi mazana asanu ndi makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zitatu, kudza mazana asanu ndi awiri, makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi zinayi.

Yatalika eti? Nchifukwa choti Chichewa chili ndi mawu akeake kuyambira 1 mpaka 5 basi, kenako khumi, zana ndi chikwi, ndiye 6 mpaka 9 timachita kumanga pa 5, miliyoni uja ndi wobwereka ndipo ine sindiona vuto, anakhazikika kale mkamwa mwathu. Koma chomwe ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi mawu akuti mphambu, omwe achinyamata ambiri muno mu Blantyre sakuwadziwanso ndipo zimandiwawa. Mukati makumi asanu ndi limodzi ndiye kuti 60, chifukwa limodzi lija ndi khumi lina. Mukafuna 51 mumati makumi asanu ndi mphambu imodzi. Mukaponya mphambu uja womvera amasochera, sadziwa ngati mukuwonjezera khumi kapena chinthu chimodzi chokha, ndipo pa nkhani ya ndalama kusiyana kumeneku nkokangana nako.

Mumsika wa Limbe palibe angakuuzeni kuti thumba la makala ndi zikwi khumi ndi mphambu zisanu, amangoti fifitini sauzande, kasitomala sangadikire. Polemba ingolembani manambala, pa wailesi nenani kuti anthu oposa 17 miliyoni ndi theka. Koma mkalasi mwana aiphunzire njira yaitaliyi kuti aone mmene chiyankhulo chake chimawerengera.

Za prime zija, muuzeni kuti ndi nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 7, 13 kapena 101. Yathuyi ikuthera ndi 9 ndiye siigawika ndi 2, pamatsala 1. Tsono phatikizani manambala ake onse, 1+7+5+6+3+7+4+9, mupeza 42, ndipo poti 42 amagawika ndi 3, nayonso nambala yonseyo igawika ndi 3 popanda chotsala, yankho ndi 5,854,583. Choncho si prime ayi. Ndi 9 siigawika chifukwa 42 sagawika ndi 9.

Akamaliza imeneyo mpatseni ya mzinda wathu wa Blantyre pa kalembera yemweyo, 800,264. Iyi ndi yosavuta, zikwi mazana asanu ndi atatu, kudza mazana awiri, makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu zinayi. Ayese kuigawa ndi 8, akuyenera kupeza 100,033.