Mafunso Anu: Ulendo wa ku Zanzibar

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za chilumba cha Unguja, chimene anthu amangochitchula kuti Zanzibar. Tasankhapo asanu ndi limodzi.

Ine ndi mayi akunyumba tikufuna kupita pamsewu. Tidutse kuti, ndipo mwezi wabwino ndi uti? (Bambo wa ku Mzuzu)

Bambo, njira ndi ya ku Karonga. Mukadinditsa pasipoti pa Songwe, tsidya lake ndi Kasumulu, ndipo maminibasi amakufikitsani ku Mbeya kudzera ku Tukuyu. Gonani ku Mbeya. Kuchoka kumeneko kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita opitirira 800, kudutsa Iringa, Mikumi ndi Morogoro, ndiye basi yonyamuka m'bandakucha imafika kutada. Mmalawi safunika viza akapita kukacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale pafupi chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam komweko.

Sitima yapamadzi yothamanga yochoka ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar imatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti gulani pawindo la mu ofesi ya kampani, osati kwa anyamata amene amakuchingamirani panja atanyamula timabuku. Anthu amenewa kumeneko amawatcha papasi, kutanthauza nkhupakupa. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayamba kufuna kuti alendo akunja azigula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation ya madola 44. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Tanzania ku Lilongwe musananyamuke, kuti musakadzidzimuke padoko.

Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ina yocheperako mu Novembala ndi Disembala. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma komanso kozizirirako, koma ndi nthawi ya mphepo ya kusi, mbale wake wa mwera wathu. Nyanja imawinduka masana, choncho amene amachita nseru akwere sitima yam'mawa, akhale chakumbuyo m'chipinda chapansi.

Ndinakulira ku Nkhata Bay ndipo kusambira ndimakudziwa. Anzanga akuti nyanja ya kumeneko ndi ina. Akungondiopseza? (Mnyamata wa ku Chintheche)

Sakukuopsezani, achimwene. Nyanja yathu imasintha msinkhu pang'onopang'ono ndi nyengo, pamene nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku. Madzi amabwerera m'mbuyo kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, kenaka n'kubweranso kwa maola ngati omwewo, ndipo tsiku lililonse nthawiyi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati lero madzi aphwa 9 koloko m'mawa, mawa aphwa itatsala pang'ono kukwana 10 koloko. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika mamita atatu kapena anayi.

Kugombe la kum'mawa, ku Paje, Jambiani ndi Matemwe, pansi pake m'posendereka, ndiye madzi akaphwa amathawa mtunda wautali, pena kupitirira kilomita. Mlendo amaona mchenga woyera, amayi akukolola ndere m'minda yawo ya zikhomo ndi zingwe, n'kuyamba kuyenda chakumatanthwe kumene mafunde akuswekera. Vuto lili pobwerera. Madzi sabwera ngati mzere umodzi kuchokera kutsogolo. Amayamba kudzaza m'makwawa otsika, ena mwa iwo ali kumbuyo kwanu, pakati pa inu ndi gombe. Munthu amazindikira ataima pakachilumba ka mchenga, madzi akuthamanga mbali zonse. Funsani pamalo ogona nthawi imene madzi aphwe tsiku limenelo. Nyamukani kutatsala ola limodzi kapena awiri, ndipo akangoyamba kubwerera tembenukani. Mukaona amayi a ndere akusenza matumba awo kulunjika kumtunda, atsatireni.

Musayende chosavala nsapato. M'mabowo a matanthwe mumakhala tizilombo takuda tozungulira ta minga yaitali ngati kanungu. Mingayo imathyokera m'phazi, ndipo mukaikolokosa ndi singano imangonyenyeka. Viikani phazilo m'madzi otentha bwino koma osawotcha khungu kwa mphindi 30 kapena kupitirira, zulani ndi kachopanira minga imene ikuonekera, yotsalayo muisiye. Eni dera amapakapo utomoni wa papaya wosapsa. Munga ukalowa pamfundo ya chala, kapena phazi likatupa n'kuyamba mafinya, pitani kuchipatala.

Ngati mukufuna kusambira nthawi iliyonse, gonani kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, kumene gombe limatsetsereka msanga ndipo madzi sathawa kwambiri.

Za kuona nsomba pansi pa madzi, mabwato ambiri amapita pafupi ndi kachilumba ka Mnemba, kumpoto chakum'mawa. Kachilumbako n'ka eni ake, simutsika, mumangosambira m'mbali. Magalasi osambirira ayeseni muli kumtunda: agunditseni kumaso osakoloweka lamba, kokani mpweya ndi mphuno. Akamatirira ndiye kuti akukwanani, akagwa adzalowetsa madzi. Kumangitsa lamba sikuthandiza, kumangopinda mphira n'kutsegula mpata. Kuti asachite nkhungu, pakani malovu mkati n'kutsukuluza pang'ono. Madzi amchere amayandamitsa thupi kuposa a kwathu, koma pamipata ya matanthwe amakoka mwamphamvu akamaphwa. Akakukokani musalimbane nawo molunjika, sambirani chopingasa mpaka mutulukemo. Valani jekete yoyandamitsa ngakhale mumadzidalira, ndipo bwato lopanda majekete musakwere. Valaninso malaya, chifukwa msana ukakhala padzuwa ola lathunthu umasupuka ngakhale khungu ndi lakuda.

Tili ndi tsiku limodzi lokha mu Stone Town, mzinda wakale wa pachilumbachi. Tione chiyani, tisiye chiyani? (Gulu la amayi a mpingo, Zomba)

Amayi, yambirani ku Mkunazini, patchalitchi cha Anglican cha Christ Church, ndipo musathamangepo. Pamenepa panali msika waukulu wa akapolo mpaka 1873, pamene Sultan Barghash anautseka. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamsikawu anachokera kumadera a kunyanja kwathu kuno. Ankawawolotsa pa Nkhotakota kwa Jumbe ndi madoko ena, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kumene ankawakweza m'zombo. Tchalitchichi anayamba kuchimanga chaka chomwecho motsogozedwa ndi Edward Steere wa mishoni ya Anglican ya UMCA, amene manda ake ali kuseri kwa guwa. Ndi mishoni yomwe ija inayambira ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie, n'kusamukira ku Zanzibar mu 1864, kenaka n'kubwereranso kunyanja kudzakhazikika pa Likoma. Mkati muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone. Tsikiraninso m'zipinda zapansi, zothina ndi zamdima, ndipo muone zosema za anthu asanu omangidwa unyolo m'khosi zimene zili m'dzenje panja. Apa pokha patenge maola awiri.

Kuchoka apo msika wa Darajani uli pafupi, ndipo umakoma m'mawa nsomba zikadali zatsopano. Masana lowani m'tinjira ta mumzinda. Kusochera musakuope, mzindawo ndi waung'ono, mukamangoyenda mutulukira kunyanja kapena kumsewu waukulu. Yang'anani zitseko zosema: za mutu wamakona ndi za kalembedwe ka Chiarabu ndi Chiswahili, za mutu wokhota ndi misomali ikuluikulu yamkuwa ndi za amwenye. Madzulo pitani ku Ngome Kongwe, linga limene Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700. Nyumba yoyandikana nayo, House of Wonders ya mu 1883, inagumuka mbali imodzi mu Disembala 2020, ndiye musaiwerengere kwambiri.

Dzuwa likalowa, bwalo la Forodhani limadzaza ogulitsa zakudya. Sankhani zimene akuphika inu mukuona: urojo, umene ndi msuzi wowawasa wa mbatatesi ndi timandasi ta nyemba, nyama yootcha patimitengo yotchedwa mishkaki, ndi madzi a nzimbe ofinyidwa ndi jinja. Nsomba ndi nkhanu zoyalidwa mulu patebulo zimakhala zophikidwa kale, amangozitenthetsa, ndipo m'mimba mwa alendo ambiri mumasokonekera pamenepa. Mtengo funsani asanaike m'mbale.

Ndimagulitsa zitenje ndi zokometsera ndiwo. Ndingapikule chiyani, nanga ndidziwa bwanji kuti sakundipusitsa? (Mayi wa ku Limbe)

Mayi, ulendo wa kuminda ya zonunkhira ku Kizimbani kapena Kidichi ndi wabwino pophunzira, koma timapaketi ta kumeneko ndi ta m'mashopu a alendo n'todula. Pikulani ku Darajani, pasikelo.

Chilumbachi chimadziwika ndi karafuu, amene m'masitolo athu amalembedwa kuti cloves. Wabwino amakhala wofiirira, kamutu kake kosathothoka, ndipo mukamukanikiza ndi chikhadabo amatulutsa timafuta. Mukamuponya m'kapu ya madzi amamira kapena kuima chilili. Woyandama chogona ndi wakale kapena anamuchotsa kale mafuta. Dziwani kuti malonda a karafuu wochuluka ali m'manja mwa bungwe la boma la ZSTC. Makilogalamu ochepa a kukhitchini alibe vuto, koma matumba amafuna zikalata. Gulani zonunkhira zosasinja, monga makungwa a sinamoni, tsabola wakuda wanjere ndi iliki (cardamom) wa makoko obiriwira, chifukwa mu zaufa ndi momwe amasakanizamo zina. Vanila wabwino amapindika pachala osathyoka. Safironi wotchipa musiyeni, kawirikawiri amakhala maluwa ena kapena manjano (turmeric).

Kanga si chitenje. Ndi yopyapyala, ili ndi mkombero mbali zonse zinayi, ndipo imagulitsidwa ziwiriziwiri zolumikizana, zimene amati doti. Akakupatsani imodzi pamtengo wa doti, akudyerani. Kanga iliyonse ili ndi mawu a Chiswahili m'munsi, ena odalitsa, ena onyogodola mkazi mnzako. Pemphani munthu wina, osati wogulitsayo, akumasulireni musanagulire apongozi. Pofuna kudziwa ngati utoto umasuluka, nyowetsani kansonga n'kukatikita pakansalu koyera.

M'mashopu a alendo mtengo woyamba umakhala wokwera dala, yambani ndi theka. Pamsika wa eni mudzi amangochotsako pang'ono. Lipirani m'mashilingi a ku Tanzania, ndipo mukatenga madola okasintha akhale atsopano, osang'ambika. Zigoba za nkhono zam'nyanja, korali ndi zopangidwa ndi chigoba cha kamba musagule, akhoza kukulandani padoko. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa m'dziko lonse la Tanzania kuyambira Juni 2019, tengani chikwama chansalu.

Ana athu ali ndi zaka 6 ndi 9. Angasangalale ndi chiyani kupatula mchenga? (Kholo la ku Area 25)

Kachilumba ka Changuu, kotchedwanso Prison Island, kali pamtunda wa theka la ola pabwato kuchokera mu Stone Town. Kuli afulu akuluakulu a mtundu wa Aldabra, amene oyamba ake anabwera mu 1919 ngati mphatso yochokera ku Seychelles. Ana asawakwere pamsana. Gwirizanani ndi mwini bwato mtengo wopita ndi kubwera, ndipo ndalama yomaliza mupereke mutabwerako.

Kunkhalango ya Jozani, makilomita pafupifupi 35 kuchokera mumzinda, kuli apusi ofiira kumsana amene kwawo ndi pachilumba cha Unguja basi. Pitani m'mawa akamadya. Musawapatse chakudya kapena kuwagwira, ndipo mwana wachimfine aime patali chifukwa apusiwa amatenga matenda a anthu. Tikiti yolowera m'nkhalangomo imakulowetsaninso pamlatho wamatabwa wodutsa m'mitengo yomera m'madzi amchere, pomwe ana amaona nkhanu madzi akaphwa. Ulendo wothamangitsa ma dolphin ku Kizimkazi sitikuulimbikitsa kwa ana a misinkhu imeneyi: mabwato amapikisana, anthu amadumphira m'madzi akuya injini zikulira.

Ndamva kuti amaletsa makabudula. N'zoona? (Mtsikana wa ku Lilongwe)

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, achemwali. Kugombe la hotela valani zosambirira, koma mumzinda ndi m'midzi phimbani mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. M'mwezi wa Ramadan musadye, kumwa kapena kusuta pamsewu masana, ndipo malo odyera ambiri a eni mudzi amatsegula dzuwa likalowa. Musanajambule munthu, makamaka mayi, pemphani kaye.