Khofi wa ku Turkey akukana thovu: vuto lili pati?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera kuti mwana wawo anawabweretsera khofi wa ku Turkey pamodzi ndi kapoto kake, koma akaphika akumatuluka wowawa ndiponso wopanda thovu. Afunsanso kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaonapo chiyani pa khofiyu.

Mayi, kawirikawiri vuto limakhala moto. Kapoto kamkuwa kokhala ndi chogwirira chachitaliko amakatcha cezve. Thiranimo madzi ozizira okwana kakapu kamodzi, pafupifupi mamililita 70, ndi khofi wokwana magalamu 7, omwe ndi masipuni a tiyi awiri. Ngati mumamwa wa shuga, thirani pompano, chifukwa khofiyu akapsa satakasidwanso. Takasani kamodzi, kenako ikani pamoto wochepa kwambiri. Pambaula, dikirani makala ayambe kuchita phulusa.

Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi, thovu limayamba kusonkhana m'mbali n'kumakwera. Phulani nthawi yomweyo, asanabwadamuke. Akangobwadamuka, thovu limasweka ndipo kuwawa mukunenako kumachokera pamenepo. Tapani thovulo ndi sipuni n'kuika m'kapu, bwezerani kapoto pamoto pang'ono, ndipo tsanulirani pang'onopang'ono. Musasefe. Dikirani mphindi ziwiri kuti nsenga zikhale pansi, ndipo zimenezo sizimwedwa.

Khofi amene mwana wanu anabweretsayo akatha, wa ku Mzuzu kapena ku Thyolo akhoza kugwira ntchito, bola akhale wosalala ngati ufa woyera. Wamiseremisere amachita zinyalala m'kamwa ndipo sapanga thovu.

Tsono za UNESCO. Mu 2013 bungweli linaika mwambo wa khofiyu pamndandanda wa miyambo yofunika kuisunga, mndandanda womwewo umene nsima yathu inalowapo mu 2017. Linaona luso lophika limene ana amaphunzira kwa makolo komanso ulemu wopita kwa mlendo, amene amalandira khofiyo limodzi ndi tambula ya madzi ndi kaswiti kotchedwa lokum. Mumzinda wa Istanbul ku Turkey nyumba zomwera khofi zinayamba cha m'ma 1550. Mpaka lero, a kuchimuna akabwera kudzafunsira mbeta, mtsikanayo ndi amene amaphika khofi, ndipo nthawi zina m'kapu ya mnyamatayo amathiramo mchere kuti aone kuleza mtima kwake.

Mukamaphikira anthu awiri, gawani thovu mofanana m'makapu onse musanatsanulire, chifukwa ku Turkey khofi wopanda thovu amamuona ngati wophikidwa mosasamala.