Foni ikuti 910, Chileka akuti 1018: wolakwa ndani?

Mnyamata wina wa ku Chinamwali, yemwe akukonzekera sukulu yoyendetsa ndege, watilembera kuti ali ndi thermometer komanso foni yokhala ndi barometer (choyezera kulemera kwa mpweya), koma manambala ake sakugwirizana ndi METAR (lipoti la nyengo la a ndege) ya ku Chileka. Akufunsa ngati zida zake zili zabodza.

Achimwene, barometer yanuyo ilibe mlandu. Ikuyeza kulemera kwa mpweya pomwe mwaimapo, zomwe a ndege amati QFE. Tauni ya Zomba ili mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mukakwera mamita 8 kapena 9 mpweya umapepuka ndi hPa (muyezo wa kulemera kwa mpweya) imodzi, choncho 910 ndi yoyenera. METAR imapereka QNH, nambala yowerengedwa ngati kuti bwalo la ndege latsitsidwa kufika pa nyanja. Musazisokoneze: mukaika pa altimeter (chida cha m'ndege choonetsa kuti mwakwera m'mwamba bwanji) nambala yopitirira ndi hPa 10, idzakunamizani kuti muli m'mwamba ndi mafiti pafupifupi 300 kuposa pomwe mulidi. Pafupi ndi phiri ngati lathuli, amenewo si masewera. Lembani nambala ya barometer pa ola lomwelo tsiku lililonse, chifukwa kuno nambalayi imakwera yokha cha m'ma 10 koloko m'mawa n'kutsika cha m'ma 4 madzulo, ngakhale nyengo isasinthe.

Thermometer ndiye tikuikayikira, makamaka pomwe mwaipachika. Pakhoma la njerwa kapena pakhonde la malata imayeza kutentha kwa nyumba, osati kwa mpweya. Kalipentala akukhomereni kabokosi ka matabwa kokhala ndi mipata m'mbali, mukapake penti yoyera, kaime mamita 1.25 mpaka 2 pamwamba pa kapinga, kutali ndi makoma.

Gulani thermometer yachiwiri yofanana ndi yoyambayo. Kumunsi kwake kulungani kansalu ka thonje koyera, mchira wake ulowe m'kabotolo ka madzi amvula. A pamjigo ayi: amasiya mchere, nsalu imauma gwa, ndipo nambala imakwera. Kupizani mphindi ziwiri, werengani zonse ziwiri, kenako pezani dew point (mlingo wa kutentha pomwe mame amayamba kupangika) pa tebulo la manambala lowerengera dew point.

Phindu lili apa. Chotsani dew point pa kutentha kwa mpweya, yankho muchulukitse ndi mamita 125, mwapeza pomwe mitambo ya cumulus (yooneka ngati milu ya thonje) iyambire kuchokera pansi. Kutentha 28, dew point 16: mamita 1,500 pamwamba pa tauni (2,400 kuchokera pa nyanja), ndiye kuti nsonga ya phiri, yomwe ili cha pa mamita 2,000 kuchokera pa nyanja, ioneka bwinobwino. Kusiyana kukangokhala 6, mitambo ili pa mamita 750 pamwamba pa tauni ndipo Ku Chawe, paphiripo, kwatsala pang'ono kuphimbika. Tulukani muyang'ane, phirilo likhala rula yanu. Masamuwa ndi a mitambo ya masana otentha. Pa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi musawadalire.

Kutenthako kumakhudzanso mphamvu ya ndege. Pa mafiti 3,000, pafupifupi pomwe ili Zomba, muyezo wa ISA (nyengo yongoyerekeza yomwe a ndege amawerengerapo) umati kukhale madigiri 9. Masana a Okutobala mukawerenga 32, mwapitirira ndi 23, ndipo digiri iliyonse imaonjezera mafiti 120. Ndegeyo ikumva ngati ili pa mafiti oposa 5,700: imathamanga mtunda wautali isananyamuke, n'kukwera mwaulesi.

Mphepo imayezedwa pa mamita 10, pamtetete, ndipo timatchula komwe ikuchokera. Windsock (thumba la nsalu loonetsa mphepo) yapabwalo la ndege ikatambasuka yonse, liwiro la mphepo ndi ma knot (muyezo wa liwiro wa a ndege) 15 kapena kuposa. Mukasoketsa yanu kwa telala, ikuuzani mbali yokha, ndipo m'munsi mwa phiri mwera umakhota, choncho isakudabwitseni ikasiyana ndi Chileka.

Polemba nthawi gwiritsani UTC (nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi) monga imachitira METAR: pano ikakwana 8 koloko m'mawa, m'buku lanu lembani 0600Z.