Malume, tabuleti ikukwanirani inuyo, koma mwana wa kukoleji ayi

Malume, mwaswera bwanji ku Ngabuko? Amayi kunyumbako ali bwanji ndi kutenthaku? Funso lanu pagulupa ndaliona, ndiye ndati ndiyankhe pakamwa, chifukwa kulemba kungatalike. Mwati msuweni wangayu wasankhidwa kukoleji ndipo akupempha laputopu, inunso mukufuna chida cholembera za m'golosale ndi za banki mkhonde, ndiye mukufunsa ngati matabuleti sangagwire ntchito zonsezi, poti ndi otsikirapo mtengo.

Kwa inuyo, eee, tabuleti ikukwanirani, mwinanso kuposa laputopu. Kwa mwanayu, ayi, musamugulire tabuleti m'malo mwa laputopu. Ndifotokoze bwino, mumvetsere mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi magetsi, chifukwa kuchigwa kuno magetsi ndi amene amalamula. Kompyuta ya patebulo ija, yokhala ndi bokosi ndi sikirini yake payokha, ingoiwalani. Imadya mawati 100 kapena kuposa, ilibe batire, ndipo magetsi akangophethira imathima pomwepo limodzi ndi zimene mumalemba. Mukukumbukira mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, mmene magetsi anavutira kwa nthawi yaitali. Chida chotere chingakhale chokongoletsera m'nyumba basi. Tchaja ya laputopu imakoka mawati 45 mpaka 65, ndipo laputopu yakale batire lake limakhala maola awiri kapena atatu. Tabuleti imatchajidwa ndi mawati 10 mpaka 18 okha, ndipo batire la 7000 mAh limakufikitsani maola 8 kapena kuposa ngati mukungowerenga ndi kulemba. Ka sola kanu ka mawati 50 kaja, ndi batire lake la mavoti 12, kangaitchaje tsiku lililonse popanda inveta, mungogula tchaja ya USB yonga ya m'galimoto. Pawabanki ya 20000 mAh, yeniyeni osati yonamizira, imaidzaza kamodzi ndi theka, pena kawiri. Musayembekezere katatu ayi, chifukwa mphamvu ina imatayika ngati kutentha potchajapo.

Ndiye ntchito zanu n'zotani? Kulemba katundu amene mwaoda ku Limbe, kulemba angongole, masheya ndi chiwongoladzanja cha kubanki mkhonde, WhatsApp, kuwerenga Baibulo ndi nkhani ndi zilembo zikuluzikulu. Zonsezi tabuleti imatha. Muikemo Google Sheets kapena WPS Office, zonse n'zaulere, ndipo zimagwira ngakhale netiweki itasowa. Tsamba limodzi likhale la golosale: tsiku, katundu, mtengo woodera, mtengo wogulitsira, zotsala. Lina likhale la gulu: dzina la membala, masheya a sabata imeneyo, ngongole, tsiku lobweza. Mukaliuza kamodzi kuti liziwonkhetsa mzere wonse, basi, masamu limachita lokha, ndipo tsiku logawana mumangotembenuza sikirini aliyense aone ndi maso ake. Koma buku la pepala la gulu musalitaye, mamembala azisainabe mmenemo. WhatsApp yanu ya pafoni mukhoza kuilumikiza ku tabuleti osasintha nambala, pamene palembedwa Linked devices.

Chenjerani ndi chimodzi. Matabuleti ena salowa simu, amangodalira Wi-Fi, ndiye mungamakhalire kuyatsa hotspot pafoni, foni n'kumatentha, batire n'kumatha. Gulani yolowa simu ya 4G. Ndipo ngati mukufuna kuti muzitumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba pogwiritsa ntchito manambala a nyenyezi aja, muyese muli m'sitolo momwemo, muikemo simu yanu, muimbe. iPad, ngakhale yolowa simu, siimba foni mwa njira imeneyo, simu yake ndi ya intaneti yokha. Ma Android ena amaimba, ena ayi.

Tsopano kutentha, ndipo apa mumvetsetse, chifukwa n'kumene kumapha zida zambiri kuno. Opanga zida izi, monga Apple, amalemba kuti zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala timadutsa 40, ndipo m'golosale ya malata masana kumaposa pamenepo. Tabuleti ilibe fani, imazizira kudzera kumsana kwake. Mukaisiya pakauntala dzuwa likulowa pawindo, ili m'chikwama chake chachikopa, ili patchaja, mwanayo akuonerapo kanema, ndiye kuti mwaiphika. Poyamba imachedwa, kenako imakana kutchaja, pakapita miyezi batire limatupa. Muzionera apa: igonekeni patebulo losalala, ikamagwedera ngati mbale yopindika, kapena mukaona sikirini yayamba kutukuka m'mbali ngati chivundikiro cha poto, batire latupa. Pamenepo musaitchajenso, musaikanikize, musaibowole, ipititseni kwa okonza. Ndiye muzitchaja m'mawa kapena madzulo, muichotse m'chikwama potchaja, muiike pa simenti pamthunzi, osati pa matiresi. Ikatentha musaiike m'fuliji ya zakumwa ija, chinyezi chimalowa m'kati. Ndipo palibe chifukwa choti izigona patchaja usiku wonse ili pa 100. Batire limakhalitsa likamasewera pakati pa 20 ndi 80, ndipo matabuleti ena ali ndi pokanikiza poti lisadutse pamenepo.

Pa fumbi ndiye tabuleti imapambana, poti ndi yotsekeka. Pamene pamavuta ndi pakabowo kotchajira. Fumbi limaunjikana mmenemo, chingwe n'kumalowa mwatheka, inu n'kumaganiza kuti tchaja yafa. Izimitseni, mutenge kamtengo kotokosera m'mano, mutokose pang'onopang'ono. Singano kapena waya ayi.

Pogula, musakhulupirire zolembedwa pakatoni. Pali matabuleti ambiri opanda dzina lodziwika, pakatoni alemba manambala akuluakulu, m'kati muli zochepa. Iyatseni, mupite pa Settings, kenako About tablet. RAM, yomwe imathandiza chida kuyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi, isachepere 4GB, malo osungira asachepere 64GB, pakhale polowetsa memori khadi, Android ikhale 13 kapena yoposa, chifukwa yakale mapulogalamu a kubanki amayamba kuikana. Potchajira pakhale pa USB-C, zingwe zake zimapezeka paliponse. Zonamizira zina zimanama ngakhale pa About pomwepo, ndiye ndi bwino kukhala pa mayina odziwika monga Samsung kapena Lenovo, kwa wogulitsa wopereka lisiti ndi waranti yolembedwa. Mugulenso galasi lotchinga sikirini ndi chikwama chokhala ndi mphira m'makona tsiku lomwelo. Sikirini ya tabuleti ikasweka, kupeza inzake ya mtundu womwewo n'kovuta kuposa ya foni, ku Nchalo kapena ku Bangula simungaipeze msanga, mpaka muitanitse ku Blantyre.

Tibwere kwa msuweni wangayu. Kukoleji ntchito yaikulu si kuwerenga kokha, ndi kulemba. Asayimenti ya masamba 10, 15, yofuna manambala a masamba, matebulo, mndandanda wa mabuku amene wawerenga, mipata ya mizere monga momwe aphunzitsi anenera. Word, pulogalamu yolembera ija, ya pa tabuleti ndi yodulidwa, zina mwa zimenezi mulibe, zina zilimo koma zobisika. Komanso sikirini ikaposa mainchesi 10.1, Microsoft imafuna muzilipira kuti mulembe mu Word, apo ayi mumangowerenga. Polemba, mwana amafunika atsegule buku mbali iyi, manotsi mbali iyo, asayimenti pakati. Pa laputopu zimenezi n'zachibadwa. Pa tabuleti ya 4GB, akachoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, yoyamba ija nthawi zina imadzitseka, akabwerera n'kupeza yayambiranso.

Ndiye pali mapulogalamu amene salowa n'komwe mu Android. Akafika popanga kafukufuku adzamuuza za SPSS, pulogalamu yosanthulira manambala a kafukufuku. Akakhala wa zowerengera ndalama pali mapulogalamu a maakaunti a pa Windows, wa zomangamanga pali AutoCAD yathunthu, yojambulira mapulani. Mnzake adzamupatsa fulashi kuti akope mapulogalamuwa, tabuleti n'kungoyang'ana. Fulashi yeniyeniyo kuti ilowe mu tabuleti pamafunika kachingwe ka OTG, ndipo mapulinta ambiri a m'malo osindikizira ndi a chingwe cha USB, amamvana ndi Windows. Wina anganene kuti mugule kiyibodi ya Bluetooth ndi mausi. Zoona, zimathandiza, inuyo malume mukhoza kugula kiyibodiyo mukaona kuti zala zikutopa. Koma mukaphatikiza tabuleti yabwino, kiyibodi, mausi ndi kachingwe, ndalama yake yayandikira ya laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, koma mavuto a mapulogalamu aja akadalipo.

Ndiye mugulireni laputopu ya kaunjika, koma ya mtundu wa m'maofesi: Lenovo ThinkPad, Dell Latitude, kapena HP EliteBook. Zimenezi zimatseguka ndi sikuludiraiva, batire, kiyibodi ndi RAM zimasinthika, ndipo okonza amazidziwa. Purosesa yake, ubongo wa kompyuta, ikhale Core i5 ya m'badwo wa 8 kapena woposa. Mudziwa bwanji? Nambala yotsatira i5 iyambe ndi 8, monga i5-8250U, kapena ikhale ya mibadwo ya pambuyo pake, monga 10 ndi 11. Chifukwa chake n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. RAM 8GB. Posungira pakhale SSD ya 256GB, osati hard disk yozungulira ija. Iyi ndi mfundo yaikulu, chifukwa hard disk ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndipo kugwedezeka kwa minibasi pokwera zitunda kuchokera pa Thabwa, kapena pa kabaza, kumaipha. SSD ilibe choyenda, komanso imayaka msanga.

Asanapereke ndalama ayese izi. Atsegule polembera, akanikize batani lililonse la kiyibodi. Alowetse fulashi pa mabowo onse. Aone kamera ndi Wi-Fi. Atsegule ndi kutseka chivundikiro, amve ngati mahinjesi akulira kapena pulasitiki yang'ambika pakona. Achotse tchaja, aisiye ikusewera kanema mphindi 20, aone batire latsika bwanji. Likagwa kuchoka pa 90 kufika pa 50, batire latha, atsitse mtengo kapena asinthe. Pali lamulo lolemba mu Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo mu Windows, powercfg /batteryreport, limaonetsa mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene yatsala. Ndimulembera pagulupa kuti asalakwitse zilembo. Aonenso kuti poyaka sikufunsa pasiwedi ya BIOS, yofunsidwa Windows isanatseguke, kapena akaunti ya kampani ina yakunja, chifukwa yotero kuimasula n'kovuta.

Laputopu ili ndi fani, ndiye imameza fumbi. Akabwera kutchuthi kuno asamaiike pabedi kapena pamphasa, timabowo ta pansi timatsekeka. Aiike patebulo, kumbuyo aikweze pang'ono ndi tizitsekero tiwiri ta botolo kuti mpweya uzidutsa. Kamodzi pachaka okonza aitsegule, apukute fani, asinthe phala loziziritsa purosesa. Fani ikayamba kulira ngati chigayo, laputopu n'kumazima yokha, nthawi imeneyo yakwana kale.

Za bandulo, nonse awiri mumve. Windows ikaona hotspot ya foni imayesa ndi Wi-Fi yaulere, imayamba kukoka ma update, bandulo ya sabata n'kutha usiku umodzi. Alowe pa Settings, Network, asankhe hotspotyo, ayatse Metered connection, kuti Windows idziwe kuti bandulo ndi yochepa. Inunso pa tabuleti, mu Play Store, muletse mapulogalamu kudzikonza okha, ndipo mu WhatsApp muletse makanema kudzitsitsa okha.

Magetsi akathima, zulani matchaja kukhoma. Pobwera amabwera ndi mphamvu, ndipo n'pamene matchaja amapsa. Chimodzimodzi kukachita ziphaliwali.

Chotsiriza ndi madzi. Tonse tinaona za namondwe Freddy mu Malichi 2023, mabuku a magulu ndi masatifiketi atapita ndi madzi. Akaunti ya Google imapereka malo a 15GB aulere. Tsamba la golosale ndi la banki mkhonde zizikhala mmenemo, mujambulenso chiphaso chaunzika, satifiketi ya MSCE ya mwanayu ndi mapepala a malo, muziike momwemo. Pasiwedi muilembe papepala, amayi asunge. Nyengo ya mvula tabuleti izigona mu jumbo yomanga bwino, pamwamba, osati m'kabati ya pansi.

Mukafika m'sitolo, musanatulutse ndalama, jambulani sikirini ya About tablet ija ndi kumbuyo kwa katoni, mutumize pagulupa. Msuweni nayenso ajambule nambala ya purosesa ndi lipoti la batire. Ndiziona ndikuyankhani muli pomwepo. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.